Mabatire Awiri pa Goli Limodzi

Masiku ano magetsi a dzuwa afika m'midzi yambiri. Tikamayenda timaona mapanelo a sola pa madenga a nyumba, pa magolosale, pa malo ometera ndiponso pa malo otchajitsira mafoni. Masana panelo imatenga mphamvu ku dzuwa. Mphamvuyo imasungidwa m'batire. Kukada batire limabweza mphamvu ija ndipo nyali zimayaka. Ana amawerenga, malonda amayenda, nafenso timabwereza zomwe taphunzira ku sukulu ya kwacha.

Ntchito ikakula batire limodzi limachepa. Mwini wake amasunga ndalama nagula lachiwiri. Amalumikiza mabatire awiriwo pamodzi, ndipo mumtima amati, "Basi, tsopano azithandizana." Komatu nthawi zambiri sizitero. Batire limodzi limagwira ntchito yaikulu pamene linzake likugwira yochepa. Lolemedwalo limatentha, limakalamba msanga, ndipo ndalama zimalowa m'madzi.

Mlimi aliyense amadziwa za ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Goli likapendekeka, ng'ombe imodzi imakoka ngolo yokha, inzake n'kumangotsatira. Mabatire nawonso ali chimodzimodzi. M'nkhani ino tiona chomwe chimapendeketsa golilo ndi momwe tingaliwongolere.

BATIRE LA LITHIUM

Poyamba anthu ambiri ankagwiritsa ntchito mabatire a galimoto, aja olemera okhala ndi asidi m'kati. Tsopano kwabwera mabatire a lithium. Lithium ndi mtundu wa chitsulo chopepuka kwambiri. Amachikumba m'maiko monga Australia ndi Chile. Kuno kwathu ku Africa amachikumbanso ku Bikita, m'dziko la Zimbabwe.

Kampani ya Sony ya ku Japan ndiyo idayamba kugulitsa mabatire otchajidwa a mtundu umenewu m'chaka cha 1991. M'chaka cha 2019 akatswiri atatu adalandira mphotho ya Nobel kaamba ka ntchito yawo pa mabatirewa. Maina awo ndi John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino. Nthawi imeneyo a Goodenough adali ndi zaka 97. Nzeru sizikalamba ayi.

Mabatire a lithium alipo a mitundu ingapo. Ambiri mwa amene timaika pa sola adalembedwa kuti LiFePO4 pa chikopa chake. A Goodenough ndi anzawo a ku Texas, m'dziko la America, adafalitsa zomwe adapeza za mtundu umenewu m'chaka cha 1997. M'kati mwa batire lotere muli timabatire tinayi. Mulinso kachipangizo kotchedwa BMS. Kachipangizoka ndi mlonda wa batire. Magetsi akachuluka kuposa muyeso, kapena batire likatentha kwambiri, mlondayu amatseka chitseko ndipo batire limaleka kupereka magetsi. Musamuiwale mlonda ameneyu, tikumana nayenso kutsogoloku.

MAWU ATATU OTI TIWADZIWE

Magetsi saoneka ndi maso. Tsono kuti timve bwino, tiyeni tiwayerekeze ndi madzi a mu mgolo wokhala ndi paipi pansi pake.

Mawu oyamba ndi mavolti. Chilembo chake ndi V. Mavolti ndi mphamvu yokankha magetsi. Ali ngati kutalika kwa madzi mu mgolo. Madzi akakhala pamwamba amatuluka mu paipi mwamphamvu. Batire lathu la sola lidalembedwa 12.8V.

Mawu achiwiri ndi maampu. Chilembo chake ndi A. Maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya pa nthawi imeneyo. Ali ngati madzi amene akudutsa mu paipi. Nyali imodzi imafuna maampu ochepa. Ketulo ya magetsi imafuna ambiri zedi.

Mawu achitatu ndi Ah. Uku ndiye kukula kwa mgolo. Batire lolembedwa 100Ah lingathe kupereka maampu 10 kwa maola 10, kapena maampu 5 kwa maola 20.

NJIRA ZIWIRI ZOLUMIKIZIRA

Batire lili ndi mitu iwiri. Mutu wofiira uli ndi chizindikiro cha +. Mutu wakuda uli ndi chizindikiro cha −.

Njira yoyamba ndi yolumikiza mutu wofiira wa batire ili ku mutu wakuda wa linzake. Amisiri amaitcha njira imeneyi series. Tikatero mavolti amaphatikizana. Mabatire awiri a 12.8V amapereka 25.6V.

Njira yachiwiri ndi yolumikiza wofiira kwa wofiira mnzake, wakuda kwa wakuda mnzake. Amisiri amaitcha parallel. Tikatero mavolti sasintha, amakhalabe 12.8V. Chimene chimakula ndi mgolo. Mabatire awiri a 100Ah amasanduka ngati batire limodzi la 200Ah. Nyali zathu ziyaka nthawi yotalikirapo. Nkhani yathu ikunena za njira yachiwiriyi.

Pa njira imeneyi timayembekezera kuti mabatire agawane ntchito pakati ndi pakati. Ngati zipangizo zathu zikufuna maampu 50, timati lililonse lipereka 25. Nanga zimalephereka bwanji?

MAGETSI AMAKONDA NJIRA YAPAFUPI

Taganizani migolo iwiri yodzaza madzi. Yonse ikuthira madzi mu ndowa imodzi. Mgolo woyamba uli ndi paipi yaifupi ndi yaikulu. Wachiwiri uli ndi paipi yaitali ndi yaing'ono. Kodi ndi mgolo uti umene uthire madzi ambiri? Ndi woyamba uja, si choncho kodi? Madzi ambiri amadzera kosavuta.

Magetsi nawo amatero. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono. Malo aliwonse pomwe tamanga bawuti amakaniza pang'ono. Batire lenilenilo limakanizanso pang'ono m'kati mwake. Kukaniza kumeneku ndiko kuvuta kwa njira. Mphunzitsi wina wa ku Germany, dzina lake Georg Ohm, adalongosola lamulo lake m'chaka cha 1827. Lamulolo likuti njira ikavuta kawiri, magetsi odutsamo amachepa kawiri. N'chifukwa chake muyeso wa kuvuta kwa njira umatchedwa ohm.

Pa mabatire athu kuvutaku n'kochepa kwambiri, kotero kuti ohm imodzi timaigawa m'magawo 1,000. Waya wa mkuwa wolembedwa 16 mm, wotalika mita imodzi, amakaniza pafupifupi gawo limodzi. Waya woonda wolembedwa 6 mm, wotalika chimodzimodzi, amakaniza pafupifupi magawo atatu.

Tsopano taonani momwe anthu ambiri amalumikizira. Amaika mabatire awiri pansi. Amawalumikiza ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Kenaka amatenga mawaya onse awiri opita ku inveta pa batire loyamba. Apa goli lapendekeka kale. Magetsi a batire loyamba akupita molunjika ku inveta. Koma a batire lachiwiri ayenera kudutsa mu waya wofiira wolumikiza popita, ndi mu waya wakuda wolumikiza pobwerera. Ulendo wake watalika.

TIYENI TICHITE MASAMU

Tiyerekeze kuti batire lililonse limakaniza magawo 10 m'kati mwake. Tiyerekezenso kuti mawaya awiri olumikiza aja, pamodzi ndi mabawuti ake, akuonjeza magawo 5.

Njira ya batire loyamba: magawo 10.
Njira ya batire lachiwiri: 10 kuphatikiza 5, magawo 15.

Zipangizo zathu zikufuna maampu 50. Poti njira ya loyamba ndi yosavuta, ilo lipereka maampu 30. Lachiwiri lipereka 20 okha. Tikaphatikiza 30 ndi 20 tipezadi 50. Nyali zikuyaka bwinobwino, wailesi ikulira, ndipo mwini wake sakudziwa kanthu.

Mwina muti, "Aa, kusiyana kwa 30 ndi 20 n'kochepa." Ayi ndithu. Kutentha kwa m'batire sikutsata maampu molunjika. Timachulukitsa maampuwo ndi iwo okha.

30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900.
20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400.

Mwaonatu. Batire loyamba likupanga kutentha koposa kawiri kwa linzake. Ndipo masana, pamene dzuwa likutchaja, zomwezi zimachitikanso. Magetsi ambiri ochokera ku panelo amalowa m'batire lapafupi lomwelo. Usiku ndi usana ng'ombe yokoka ndi imodzi yomweyo.

ZINA ZOPENDEKETSA GOLI

Kutalika kwa waya si chifukwa chokhacho. Pali zinanso.

Choyamba ndi bawuti wosamanga bwino. Waya akamagwedera pa mutu wa batire, magetsi amadutsa movutikira. Bawuti mmodzi wokhwepa angathe kukaniza magetsi kuposa waya wautali. Malo oterowo amatentha.

Chachiwiri ndi dzimbiri ndi litsiro. Mutu wa batire ukadetsedwa, zitsulo sizikhudzana bwino. Washala woikidwa pakati pa mutu wa batire ndi waya amakanizanso magetsi. Malo a washala ndi pamwamba pa waya, kunsi kwa nati.

Chachitatu ndi ukalamba. Batire likamakalamba limakaniza magetsi kwambiri m'kati mwake, ndipo mgolo wake umachepa. Mukaphatikiza latsopano ndi lakale, latsopano ndilo limasenza katundu wambiri. Mudagula kuti lithandize, koma likudzipha ndi ntchito.

Chachinayi ndi kusiyana kwa makampani. Mabatire awiri angathe kulembedwa 100Ah onse, koma za m'kati n'kukhala zosiyana. Alonda awonso amatseka chitseko pa miyeso yosiyana.

Chachisanu ndi kutentha kwa malo. Batire lofunda limatulutsa magetsi mosavuta kuposa lozizira. Mukaika limodzi pafupi ndi zenera pomwe dzuwa limawomba, lina pamthunzi, lofundalo ligwira ntchito yambiri. Pogwira ntchito yambiri lifundanso kwambiri. Kutentha ndi mdani wa batire la lithium. M'mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata, nkhaniyi si yochepa.

BATIRE LA LITHIUM LIMABISA NJALA

Wina angafunse kuti, "Nanga bwanji kale tinkalumikiza mabatire a galimoto popanda kuganiza zonsezi?" Vutoli lidaliponso pa mabatire amenewo, koma pa lithium limakula kaamba ka zifukwa ziwiri.

Chifukwa choyamba n'chakuti batire la lithium limakaniza magetsi pang'ono kwambiri m'kati mwake. Chimenechi n'chabwino. Komabe chikutanthauza kuti kachidutswa ka waya kapena bawuti mmodzi ali ndi mphamvu yosintha kagawidwe konse.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti batire la lithium limabisa njala yake. Batire la galimoto likadzaza limaonetsa pafupifupi 12.7V. Likafika pa theka limaonetsa pafupifupi 12.2V. Kutsikako kumaoneka msanga. Koma batire la LiFePO4 limaonetsa pafupifupi 13.3V pamene lili lodzaza ndithu, ndipo limaonetsabe pafupifupi 13.0V pamene mphamvu yambiri yapita kale. Kusiyana kwake n'kochepetsetsa.

Kodi zimenezi zili ndi ntchito yanji? Kumbukirani migolo iwiri ija. Mgolo wothira madzi ambiri umatsika msanga. Ukatsika, mphamvu yake yokankha imachepa, ndipo unzake umayamba kuthira ambiri. Motero migoloyo imadziwongola yokha. Mabatire nawo amadziwongola chomwecho. Koma poti mavolti a lithium satsika msanga, kuwongolaku kumachedwa. Batire loyamba limakoka ngolo ulendo wautali linzake lisanadzidzimuke.

Tikazimitsa zipangizo zonse, batire lokhuta limayamba kuthira magetsi m'batire lanjala mpaka atalingana. Musadabwe mukaona mita ikuonetsa kuti magetsi akuyenda pakati pa mabatire usiku, nyali zonse zili zozima. Akubwezerana ngongole.

ZOTSATIRA ZAKE

Chotsatira choyamba tachiona kale. Batire lolemedwa limakalamba msanga. Batire la lithium losamalidwa bwino limatchajidwa ndi kugwiritsidwa ntchito maulendo zikwi zingapo. Lozunzika silifika pamenepo. Ndipo likafooka, katundu yense amagwera linzake.

Chotsatira chachiwiri ndi magetsi ozima mwadzidzidzi. Apa ndi pomwe tikumananso ndi mlonda uja. Tiyerekeze kuti mlonda wa batire lililonse amatseka chitseko maampu akapitirira 100. Mwayatsa ketulo yaikulu ya magetsi kudzera pa inveta, ndipo ikufuna maampu 170. Mabatire akadagawana bwino, lililonse likadapereka 85. Palibe mlonda akadadandaula. Koma pa goli lopendekeka lija, loyamba lipereka 102, lachiwiri 68. Mlonda woyamba aona kuti 102 yapitirira 100, natseka. Nthawi yomweyo maampu onse 170 agwera batire lachiwiri. Mlonda wachiwiri atsekanso. Nyumba yonse mdima bii! Mwini wake ayamba kunena kuti adamugulitsa mabatire achinyengo, chonsecho mabatirewo alibe mlandu. Mlandu uli pa mawaya.

Chotsatira chachitatu ndi moto. Mabatire a LiFePO4 sagwira moto msanga ngati mitundu ina ya lithium. Koma waya woonda kapena bawuti wokhwepa amatentha mpaka kusungunula pulasitiki wokuta waya. Pafupi pakakhala nsalu, mapepala kapena udzu, nyumba ingathe kupsa.

TSIKU LOLUMIKIZA

Pali ngozi ina imene imachitika pa tsiku lenileni lolumikiza. Mukalumikiza mgolo wodzaza ndi mgolo wopanda madzi, madzi amathamangira kopanda kanthuko mwamphamvu. Batire lodzaza limachitanso chimodzimodzi kwa lanjala.

Titenge mabatire athu aja. Limodzi lili pa 13.4V, lina lili pa 12.4V. Kusiyana kwake ndi volti imodzi yokha. Njira ya pakati pawo ndi magawo 10 kuphatikiza 15, ndiwo 25. Pa njira yotere, volti imodziyo ikankha maampu 40. Kusiyana kukakhala mavolti atatu, maampu afika 120. Waya athetheka, mutu wa batire upsa, ndipo mlonda angathe kuonongeka.

Tsono musanalumikize, tchajani batire lililonse palokha mpaka litadzaza. Lisiyeni lipume maola angapo. Kenaka yezani mavolti ndi mita. Kusiyana kusapitirire 0.1V. Musangodalira mita yokha popanda kutchaja. Paja tanena kuti batireli limabisa njala. Mabatire awiri angathe kuonetsa mavolti ofanana pamene limodzi lili lokhuta, lina lili pa theka.

KUWONGOLA GOLI

Mankhwala a vutoli si odula. Lamulo lake ndi limodzi: batire lililonse likhale ndi ulendo wofanana ndi wa linzake.

1. Gulani mabatire ofanana. Akhale a kampani imodzi, a mtundu umodzi, a kukula kumodzi. Ngati n'kotheka agulidwe nthawi imodzi. Musaphatikize batire la lithium ndi la galimoto.

2. Werengani pepala lobwera ndi batire. Limanena ngati batirelo limaloledwa kulumikizidwa ndi linzake, ndiponso kuti angati. Makampani ena amalola anayi okha. Ngati pepalalo lili m'Chingerezi, pemphani aphunzitsi kapena mwana wa sukulu akuwerengereni. Safunsa adadya phula.

3. Mawaya olumikiza akhale a mkuwa, onenepa, aafupi ndiponso ofanana. Ayezeni ndi chingwe musanadule. Mmodzi akatsala wautali musamufupikitse yekha ayi, onse akhale muyeso umodzi.

4. Tengani magetsi mopingasa. Apa ndiye pagona nkhani. Waya wofiira wopita ku inveta achokere pa batire loyamba. Waya wakuda achokere pa batire lachiwiri. Mukatero magetsi a batire loyamba adutsa mu waya wolumikiza mmodzi, wakuda uja. A batire lachiwiri adutsanso mu waya wolumikiza mmodzi, wofiira uja. Ulendo wafanana. Simudagule kanthu, mwangosuntha waya mmodzi basi. Mawaya ochokera ku kontirola ya sola amangidwenso mopingasa pa mitu yomweyo.

5. Mabatire akakhala atatu kapena anayi, gwiritsani ntchito zitsulo ziwiri za mkuwa zophwatalala zokhala ndi mabowo. Amisiri amazitcha busbar. Chimodzi ndi cha mawaya ofiira, china cha akuda. Batire lililonse likhale ndi mawaya akeake opita ku zitsulozo, ndipo onse akhale ofanana kutalika. Inveta ndi kontirola zitenge pa zitsulozo, osati pa batire.

6. Batire lililonse likhale ndi fyuzi yake pa waya wofiira, pafupi ndi mutu. Batire limodzi likaonongeka m'kati, anzake amathiramo magetsi awo onse. Fyuzi ndiyo imadula njira moto usanabuke. Fyuzi ikapsa musamangepo kachingwe ka waya. Funani chomwe chaipsetsa, kenaka gulani ina ya muyeso womwewo.

7. Pukutani mitu ya mabatire iwale. Mangani mabawuti ndi sipanala mpaka waya ataleka kugwedera. Musakokomeze, mungathyole mutu.

8. Ikani mabatire onse malo amodzi, pamthunzi, popita mphepo. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pawo. Asakhale pansi pa bedi, pafupi ndi mbaula, kapena podontha.

TINGADZIWE BWANJI KUTI AKUGAWANA BWINO?

Kuyeza mavolti sikungatiuze. Mabatire olumikizidwa wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, amaonetsa mavolti ofanana, ngakhale limodzi likugona. Ngakhale mlonda wa limodzi atatseka chitseko, mita idzaonetsabe mavolti a linzake. Anthu ena amakhala miyezi akuganiza kuti ali ndi mabatire awiri, pamene logwira ntchito ndi limodzi.

Choyenera kuyeza ndi maampu. Pali mita ina yokhala ndi mano awiri ngati a nkhanu. Dzina lake ndi clamp meter. Manowo amazinga waya popanda kumudula. Iyenera kukhala yotha kuyeza magetsi a batire, olembedwa DC, chifukwa zina zimayeza magetsi a m'nyumba a ESCOM okha. Simuyenera kugula yanu. Mmisiri wa sola akabwera muuzeni kuti, "Bambo, tayatsani zipangizo zonse, ndipo muyeze batire lililonse palokha ndione." Lembani manambalawo m'kope lanu pamodzi ndi tsiku lake. Paja kulemba mwaphunzira.

Mukapeza 26 ndi 24, palibe chodandaulitsa. Mabatire safanana ndendende ngati madontho a madzi. Koma mukapeza 35 ndi 15, kapena 50 ndi 0, pali chovuta. Yambani ndi mabawuti, kenaka mawaya, kenaka batire lenilenilo.

Mabatire ena a masiku ano amatumiza manambala ake pa foni. Ngati anu ali otero, muziyang'ana maampu a lililonse pamene zipangizo zikugwira ntchito.

Pali njira inanso yosalira ndalama. Zipangizo zikagwira ntchito kwa ola limodzi, khudzani pulasitiki wokuta mawaya ndi kunja kwa dzanja lanu. Khudzaninso mbali za mabatire. Waya mmodzi akafunda kuposa anzake, kapena batire limodzi likatentha kuposa linzake, zimitsani ndipo itanani mmisiri.

Dziwaninso kuti kusiyana kwina n'koyenera. Batire la 200Ah likakhala pamodzi ndi la 100Ah, lalikulu liyenera kupereka kawiri kuposa laling'ono. Munthu wamkulu ndi mwana sasenza mtolo wofanana. Chovuta ndi pamene mabatire ofanana akusenza mosiyana.

CHENJERANI POGWIRA NTCHITO

Mavolti 12 sagwira munthu ngati magetsi a pa mapolo. Koma musawapeputse. Sipanala ikakhudza mitu iwiri nthawi imodzi, maampu mazanamazana amadutsamo ndipo chitsulo chimafiira. Choncho musanayambe, zimitsani inveta ndi kuchotsa waya wa panelo. Vulani mphete, wotchi ndi zibangili. Kulungani chigwiriro cha sipanala ndi tepi kapena mphira. Ana akhale kutali.

Batire likatupa, likamanunkha kapena likamatulutsa utsi, musalitchajenso. Utsi wake ndi wa poizoni. Tulutsani anthu m'nyumba ndi kutsekula zitseko. Batire lakufa musalitaye m'chimbudzi, m'dzala kapena pa moto, ndipo musaliswe. Libwezeni kwa amene adakugulitsani kapena kwa mmisiri.

Achinyamata ena amatola timabatire ta m'makompyuta akale n'kutiphatikiza kuti apange batire lalikulu. Timabatire totere timasiyana ukalamba, ndipo ndi ta mtundu wogwira moto msanga. Zonse tanenazi zimachitika pamenepo mwamphamvu kwambiri. Alangizeni asamatchajire m'nyumba yogona anthu.

KUMBUKIRANI

Magetsi ambiri amadzera njira yosavuta.
Batire la ulendo waufupi ndilo limalemedwa.
Tchajani lililonse palokha musanalumikize.
Mawaya akhale onenepa, aafupi ndi ofanana.
Wofiira pa batire ili, wakuda pa linzake.
Batire lililonse ndi fyuzi yake.
Yezani maampu, osati mavolti okha.

Batire ndi chuma. Ena adagulitsa mbuzi, ena fodya, ena adatenga ngongole ku banki ya m'mudzi kuti aligule. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma osenzawo ayenera kuima molingana. Pitani mukayang'ane mawaya a mabatire anu lero lomwe, ndipo zomwe mwawerengazi mukauzeko anzanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mavolti ndi maampu zimasiyana bwanji?
2. Mabatire awiri a 100Ah alumikizidwa wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Kodi onse pamodzi ndi Ah zingati? Nanga mavolti asintha?
3. Zipangizo zikufuna maampu 60. Batire loyamba likupereka 38. Lachiwiri likupereka angati?
4. N'chifukwa chiyani tiyenera kutchaja batire lililonse palokha tisanalumikize?
5. Tchulani zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti batire limodzi lilemedwe.
6. Jambulani m'kope lanu mabatire awiri. Onetsani pomwe waya wofiira ndi waya wakuda opita ku inveta ayenera kuchokera.
7. Kodi m'mudzi mwanu alipo amene ali ndi mabatire awiri kapena atatu? Mungawalangize zotani?